Kusamutsa code kuchoka ku VBA kupita ku Python: zomwe ndinakumana nazo ku Mchinji

Kopaletivi ina kuno ku Mchinji, imene imagula soya ndi mtedza kwa mamembala ake, inali ndi fayilo imodzi ya Excel yomwe inkasenza ntchito yonse. Kalaliki ankalowetsamo makilo a mlimi aliyense n'kudina batani, ndipo fayiloyo inkachotsa ngongole ya mbewu, kuchotsa gawo la kopaletivi, n'kutulutsa ndalama zoti munthu alandire. Kuseri kwa batanilo kunali code (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsata) ya VBA, chiyankhulo cholembera mapulogalamu chimene chimabwera m'kati mwa Excel. Analemba ndi munthu wina wongodzipereka yemwe anachoka kalekale, osasiya ngakhale pepala limodzi lofotokoza. Laputopu yake inali ya Windows 7, imene inasiya kulandira zokonza mu Januwale 2020, ndipo inkazungulira madepoti pa njinga yamoto, lero ku Kamwendo, mawa ku Mkanda.

Kumayambiriro kwa 2024 komiti inandiitana. Ankafuna kuti kalaliki aliyense azilowetsa makilo pafoni, zonse zizikakumana malo amodzi. Ndinawauza kuti mbali yowerengera ndalama ndilemba mu Python, mbali yooneka pafoni mu JavaScript, ziyankhulo zinanso zolembera mapulogalamu. Code yakaleyo nditaitsegula ndinapeza kuti ndi mizere mazana angapo basi. Tinagwirizana K700,000, theka poyamba, theka pomaliza, ndipo ndinalonjeza kuti soya akamayamba kugulidwa mu Epulo zonse zidzakhala zitatheka. Mtengowo ndinautchula poyang'ana kutalika kwa code. Inu mukamatchula wanu muziwerengera nthawi yotsimikizira kuti pulogalamu yatsopano ikuyankha ngati yakale, chifukwa ndi imene imadya masabata.

Kulemba kwenikweniko sikunavute. Zigawo zina ndinasamutsa ndekha mzere ndi mzere, zina ndinapatsa chimodzi mwa zida za AI zimene zimasandutsa code ya chiyankhulo china kukhala ya china m'kanthawi kochepa. Zotuluka zinali zaudongo kuposa zoyambazo, moti mumtima ndinkati ndalama iyi ndatola. Poyesa ndinkagwiritsa ntchito alimi ongopeka, uyu makilo 100, uyo makilo 200, ngongole K10,000. Manambala osalala chotere sakola kanthu. Pa sikelo yeniyeni pamatuluka 37.5, ndipo m'kaundula weniweni muli timabokosi tosalembedwa ndi tina tolembedwa mawu pamalo pa nambala.

Mavuto oyamba anali aphokoso, amene amadzionetsa okha. Nambala ya membala imayamba ndi zilembo zitatu zoimira kalabu yake. VBA inkazitenga ndi Mid(nambala, 1, 3), kutanthauza kuti yambira pa chilembo choyamba, utenge zitatu. Ine ndinalemba nambala[1:3], ndipo zinatuluka zilembo ziwiri zapakati. Python imayamba kuwerenga pa 0, komanso nambala yachiwiriyo ndi poimira, si kuchuluka kwa zilembo, ndipo chilembo cha pamalo oimirapowo sichitengedwa. Chimodzimodzi For i = 2 To n ya VBA imafika mpaka pa n, pomwe range(2, n) ya Python imaima isanafike, ndiye mlimi womaliza pa ndandanda iliyonse ankasowa. Kabokosi kosalembedwa VBA imakatenga ngati 0 pochita masamu. Python imakaona ngati None, kutanthauza kuti mulibe kanthu, n'kuima nthawi yomweyo. Zonsezi ndinakonza masana amodzi, ndipo zinandinamiza kuti kusiyana kwa ziyankhulozi n'komweku.

Tsiku loyesera linali kumayambiriro kwa Epulo, pa depoti ya ku Mkanda. Mayi wina anabwera ndi matumba awiri a soya, lina makilo 50, lina 45. Kalaliki atalowetsa anandikodola.

"Achimwene, tabwerani muone. Foni ikuti mayiwa abweretsa matani asanu."

Pa sikirini panali 5045. Mayiwo atamva anati, "Bambo a kompyuta, ngati makina anuwo atero, ingondipatsani, ine sindikana." Anthu onse pamzere anaseka, inenso ndinaseka koma thukuta lili kamukamu. Chilichonse cholembedwa mu fomu ya pa intaneti chimafika ku JavaScript ngati mawu, ngakhale chikhale manambala, ndipo chizindikiro cha + chikapeza mawu chimawalumikiza m'malo mophatikiza. Chopusitsa n'chakuti kuchotsera ndi kuchulukitsa kumayenda bwinobwino, "50" - "45" imapereka 5, ndiye ukayesa ndi thumba limodzi palibe chimene uone. Ndinakonza pomwepo ndi Number(), imene imasandutsa mawu kukhala nambala, ntchito n'kupitirira.

Chimene chinandigwetsa chinali chachete. Msungichuma wa kopaletivi, mayi wachikulire amene wasunga ndalama za gululi zaka zambiri, anali atatsegula laputopu yakale pambali n'kumalowetsa malisiti omwewo. Pofika masana anali atalemba papepala malisiti angapo amene ndalama zake zinkasiyana ndi K100. Popeza pa depoti ndalama zing'onozing'ono zimasowa, kopaletivi imazungulitsa malipiro kuti athere pa K100, ndipo lamulo lake aliyense amalidziwa.

"Mwana wanga," anatero, "alimi athu amadziwa kuti ikathera pa K50 timakweza. Aliyense ali ndi foni, amawerengera yekha asanafike pa tebulo pano. Akaona yatsika sanena kuti ndi kompyuta, anena kuti komiti yayamba kuba."

Madzulo omwewo wapampando anagamula kuti soya yense agulidwe ndi fayilo yakale, ndipo theka lachiwiri la ndalama zanga lidikire. Ndinakwera kabaza kubwerera ku boma nditapsa mtima. M'mutu mwanga ndinkati Python singalakwitse masamu, yolakwa ndi fayilo yawo yokalambayo. Masiku otsatira ndinkangowerenga code yanga mobwerezabwereza osapeza cholakwika, chifukwa mzere uliwonse unkafanana ndithu ndi mnzake wa mu VBA.

Ndinaimbira mkulu wina wa ntchito yomweyi ku Lilongwe, amene anandiphunzitsapo kale. Sanafune n'komwe kuona code. Anangofunsa kuti ndikuyesa ndi chiyani, ndipo nditamuuza anati, "Mphwanga, anthuwo sakukulipira kuti mizere ifanane, akufuna mayankho afanane. Tenga fayilo yonse ya chaka chatha, uiyendetse mu zonse ziwiri, mayankho uwaike pambalipambali. Mzere uliwonse wosiyana uufotokoze, ngakhale usiyane ndi tambala imodzi."

Kupeza fayiloyo kunafuna kukambirana. Muli mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu, ndipo msungichuma sanalole kuti ichoke mu ofesi. Anachita bwino. Tinagwirizana kuti ndizigwirira ntchito pomwepo pa kope lofufutidwa mayina. Mukamasaina mgwirizano wa ntchito yotere, lembanimo kuti mudzapatsidwa zolemba zenizeni za nyengo yathunthu kuyambira tsiku loyamba, ndipo mugwirizaniretu mmene zidzatetezedwere. Inali mizere pafupifupi 4,000 ya nyengo ya 2023. Ndinalemba kapulogalamu kakang'ono kofananitsa, ndipo mizere mazana angapo inatuluka yosiyana. Ndinaisanja potengera kukula kwa kusiyanako, n'kuyamba ndi gulu lalikulu, la K100.

Tinene kuti mlimi atachotseredwa zonse watsala ndi K56,250. ROUND ya Excel ikafika pakatikati imakweza, ndiye imapereka K56,300. Koma round ya Python 3 ikafika pakatikati imapita ku nambala yogawika ndi 2 yapafupi: mu K56,250 muli ma K100 okwana 562.5, ndipo 562.5 imakhala 562, ndiye mlimi amalandira K56,200. Akanakhala ndi K56,350 zonse ziwiri zikanapereka K56,400, n'chifukwa chake vutoli linkaoneka apo ndi apo ngati lamatsenga. Python 2 inkakweza ngati Excel. Khalidweli linasintha mu Python 3, imene inatuluka mu 2008. Chodabwitsa kwambiri, VBA nayo ili ndi Round yakeyake imene imachita ngati Python 3, kusiyana ndi ROUND ya m'timabokosi ta Excel momwemo. Wolemba woyamba uja ankadziwa zimenezi, ndipo anaitana WorksheetFunction.Round mwadala. Posamutsa, mawu akutsogolowo anatayika, kunangotsala round. Zili ngati ndowa ya pamsika: dzina ndi limodzi, koma ya venda uyu si ya venda uyo, ndipo umadziwa pokhapokha utathira pa sikelo.

Mayina ofanana otere alipo ena. Math.round ya JavaScript ikafika pakatikati imapita chokwera nthawi zonse, moti -2.5 imakhala -2, pomwe Excel imapereka -3. Int ya VBA imasandutsa -2.5 kukhala -3, koma int ya Python imapereka -2. Mwina munganene kuti manambala otsika pansi pa 0 alibe ntchito pogula mtedza, koma mlimi amene ngongole yake yaposa zokolola zake amatuluka ndi nambala yoteroyo, ndipo ndi imene imapita ku chaka chamawa.

Ndinasiya float, mtundu wamba wa manambala okhala ndi tizigawo, pa chilichonse chokhudza ndalama n'kuyamba kugwiritsa ntchito Decimal, mtundu wosunga tizigawo monga tinalembedwera, ndi lamulo lozungulitsira la ROUND_HALF_UP, limene limachita ngati Excel. Float ili ndi vuto linanso: mu Python ndi mu JavaScript momwe, 0.1 + 0.2 imapereka 0.30000000000000004, chifukwa kompyuta imasunga tizigawo mu binary, ndiko kuti mu ma 0 ndi ma 1 okha. Excel imasunganso chimodzimodzi koma imaonetsa madijiti 15 okha, ndiye kamchirako sikaoneka. Ndinachotsanso masamu onse a ndalama pafoni, n'kuwasiya malo amodzi mu Python. Poyamba foni inkawerengera yokha kuti ionetse msanga, seva (kompyuta imene zonse zimakakumana) n'kuwerengeranso payokha, ndipo ziwirizi sizinkagwirizana nthawi zonse.

Gulu lachiwiri linali la makalabu. SUMIF ndi VLOOKUP za Excel, zimene zimaphatikiza ndi kufufuza manambala potengera dzina, sizisamala kuti zilembo ndi zazikulu kapena zazing'ono, pomwe kwa Python "KMW" ndi "Kmw" ndi zinthu ziwiri. Makalaliki ankatayipa mmene afunira kwa zaka zonsezi popanda vuto, ndiye kwa ine kalabu imodzi inagawika patatu. Madeti nawo anali ndi zawo. Excel imasunga deti ngati nambala ya masiku, moti 1 Juni 2023 ndi 45078. Poisandutsa muziwerengera kuchokera pa 30 Disembala 1899, osati 1 Januwale 1900, chifukwa Excel imawerenga 1900 ngati chaka chokhala ndi 29 Febuluwale pomwe sichinali, zimene inatengera ku pulogalamu yakale ya Lotus 1-2-3. Madeti ena anatayipidwa ngati mawu, 3/6/2023, ndipo kuti ndidziwe ngati ndi Juni kapena Malichi ndinachita kukatsegula mabuku a malisiti.

Zonsezi nditakonza inatsala mizere yochepa, yosakwana 20, koma yosiyana ndi ndalama zambiri, ina K15,000, ina kuposa. Apa ndinakhalapo nthawi, chifukwa mayankho anga ankaoneka olondola ndikawerengera pamanja. Mizere yonseyo inali ndi chinthu chimodzi chofanana: m'kabokosi ka ngongole kalaliki analemba mawu, "alibe" kapena kamzere chabe, m'malo mosiya popanda kanthu. Pulogalamu yanga ndinali nditaiuza kuti zoterozo izitenga ngati 0. Yakale inkachotsa ndalama ndithu. Nditayang'anitsitsa, ndalama imene inkachotsayo inali ngongole ya mlimi wa mzere wapamwamba pake.

Choyambitsa chinali mzere umodzi pamwamba penipeni pa code: On Error Resume Next. Mzere umenewu umauza VBA kuti ikakumana ndi cholakwika ingodumpha n'kupitirira osanena kanthu. Ikayesa kuika mawu akuti "alibe" pamalo osungira nambala imalephera, imadumpha, ndipo pamalopo pamatsala nambala imene inalipo kale, ya munthu wapitayo. Python ilibe mzere wotere. Chofanana nacho ndi try ndi except yongoti pass, imene imameza cholakwika osachita kanthu, ndipo chida cha AI chija chinandiikira zimenezo m'malo angapo pofuna kutsanzira mokhulupirika. Mukaona On Error Resume Next mu code imene mwapatsidwa, ichotseni pa kope loyesera, muyendetse, muone pamene ikugwa. Pamenepo ndi pamene pabisala zinthu.

Ndinapita ndi laputopu pa tebulo la msungichuma. "Mayi, taonani mzere uwu. Munthu uyu alibe ngongole, koma anadulidwa K18,000, yofanana ndi ya uyu wapamwambayu."

Anavala magalasi, n'kutsata ndi chala mizere iwiriyo. Kenako anatulutsa m'kabati buku lachikuto cholimba, natsegula chakumapeto. Munali mayina a anthu amene chaka chilichonse ankabwera kudzadandaula kuti adulidwa molakwika, ndipo iye ankawabwezera pamanja, akuganiza kuti ndi kalaliki walakwitsa potayipa. Tinafananitsa manambala a umembala. Ena mwa mizere yanga anali m'bukumo. Ena munalibe, kusonyeza kuti anthuwo sanazindikire kapena anaopa kufunsa. "Ndiye anyamata aja ndinkawakalipira chabe," anatero, ndipo tsiku limenelo sanayankhulenso zambiri.

Apa ndi pamene ntchito inasinthira. Funso silinalinso loti ndifananitse zatsopano ndi zakale, koma loti ndi makhalidwe ati a pulogalamu yakale amene ali malamulo a kopaletivi, ndi ati amene ali ngozi chabe. Kukweza pa K50 ndi lamulo, ndinayenera kulitsata ngakhale Python ili ndi njira yake. Kudula munthu ngongole ya mnzake ndi ngozi. Panali zina zapakati: chiwerengero cha makilo a kalabu yonse chinkasungidwa mu Integer ya VBA, imene sisunga tizigawo ndipo imathera pa 32,767, pomwe int ya Python ilibe malire otere. Kalabu yaikulu ikanadzangodutsa makilo 32,767, nambala ikanaima osauza munthu. Zoterezi si wolemba code amene agamule yekha. Ndinazilemba papepala m'Chichewa chosavuta, chilichonse ndi chitsanzo chake, n'kupita nazo ku msonkhano wa komiti. Anagamula chimodzichimodzi, mlembi analemba mu maminitsi, ndipo anavomera kubwezera anthu otsala aja kuchokera pa gawo la kopaletivi. Kope la maminitsiwo ndinalisunga, ndipo linandithandiza pambuyo pake membala wina wa komiti atayamba kufunsa kuti ndani anandilola kusintha.

Tisanayambe mtedza tinachita tsiku loyeserera mu ofesi, ndipo JavaScript inatulutsa zake zomaliza. Miyezi imayamba kuiwerenga pa 0, moti new Date(2024, 5, 1) ndi 1 Juni, si 1 Meyi. Komanso toISOString imasandutsa nthawi kukhala ya UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, ndipo ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye deti la 1 Juni losankhidwa popanda ola limafika ku seva ngati 31 Meyi, 22:00. Pamalo pamene mtengo wa kilo umasintha potengera deti, tsiku limodzi limenelo ndi ndalama. Ndinayamba kutumiza deti ngati mawu wamba, 2024-06-01, opanda ola. Pa fayilo yolipirira kudzera pafoni, pandas, chida cha Python chowerengera mafayilo otere, inatenga manambala a foni ngati manambala owerengera n'kudula 0 wakutsogolo. Muziiuza kuti gawo limenelo ndi mawu. Ndipo pa Windows, Python inakana kulemba fayilo yokhala ndi chilembo cha ŵ mpaka nditaika encoding="utf-8", chifukwa chilembochi mulibe mu cp1252, ndandanda ya zilembo imene imagwiritsidwa ntchito ukapanda kutchula.

Mtedza wa mu Juni tinagula ndi mapulogalamu onse awiri limodzi. Makalaliki anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa, popeza lisiti lililonse ankalilowetsa kawiri mlimi ataima podikira. Madzulo aliwonse ndinkafananitsa. Kopaletivi inawawonjezera kangachepe pa malipiro awo, ndipo ndalamayo inachotsedwa pa theka langa lachiwiri, limene ndinalandira mu Ogasiti m'malo mwa Epulo. Ndikaphatikiza zodulidwazo, mabandulo a intaneti, kabaza wopita kumadepoti ndi seva yolipira m'madola, imene inali itakwera mtengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chimene chinatsala m'thumba mwanga sichinafike theka la K700,000 ija. Panalinso ntchito ina ya sukulu yapulaiveti imene ndinaikana mu Meyi chifukwa chosowa nthawi.

Mizere yonse imene inasiyanapo ndinaisandutsa mayeso a pytest (chida choyesera code ya Python), iliyonse ndi yankho limene komiti inavomereza: wa K56,250, wolembedwa "alibe", wa ngongole yoposa zokolola, wa pa 1 Juni. Ndikasintha chilichonse ndimayendetsa amenewo kaye. Panopa komiti ikufuna pulogalamu ya Android yogwira ntchito ngakhale netiweki palibe, kutanthauza kuti masamu a ndalama abwerere pafoni, ulendo uno mu Kotlin, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a Android. Kumeneko 7 / 2 imapereka 3 pomwe Python 3 imapereka 3.5, ndipo round ndi roundToInt zimasiyana zikafika pakatikati. Ndawapatsa mtengo wophatikiza mwezi wathunthu wofananitsa ndi nyengo imodzi yoyendetsa zonse ziwiri pamodzi, ndalama za makalaliki zili kumbali ya kopaletivi. Wapampando wati ndi wokwera, akakambirana pa msonkhano wamwezi wamawa.